Kuphunzira mneni wa Chingerezi “bellow”: tanthauzo, katchulidwe ndi malo ake m'chiganizo

Ana ambiri a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku mu Harare akafika pa chimangirizo cha Chingerezi cha ZIMSEC, bungwe la mayeso la m'Zimbabwe, amakhala ndi liwu limodzi lokha la kufuula, la *shout*. Hwindi (mnyamata woitanira anthu ku minibasi) *shouted*, aphunzitsi *shouted*, mayi woferedwa *shouted*, ng'ombe nayonso *shouted*. Wina akamva kuti kuli liwu lina lakuti *bellow* amalilandira ndi manja awiri n'kumaliponya paliponse, ndiye kope limabwerera litafiira ndi inki: pena walemba *below*, pena wasiya *at*, pena wapatsa khanda mawu a nkhunzi. Akuluakulu olemba malipoti kuntchito amagwanso m'mbuna yomweyi.

Gwirani mfundo iyi musanayambe. *Bellow* si kukweza mawu chabe. Ndi kufuula ndi mawu aakulu, a besi, ochokera pansi pa chifuwa, monga imalirira nkhunzi m'khola. Liwuli mulidziwa ndi khutu, ndipo malangizo onsewa akutsata njira ya khutu.

## Zofunika kukhala nazo

- Kope limodzi, ngakhale lotsala chaka chatha, bola likhale ndi masamba 10 osalembapo.
- Zolembera ziwiri, chabuluu cholembera ndi chofiira chokonzera.
- Mtanthauziramawu wa ophunzira, wa Chingerezi chokhachokha, monga wa Oxford, Cambridge kapena Longman. Onse atatu ali pa intaneti ndipo ali ndi batani lomvetsera katchulidwe. Sankhani katchulidwe ka UK, chifukwa sukulu za m'Zimbabwe zimatsata Chingerezi cha ku Britain. Ngati data yavuta, wa buku ndi wokwanira, kaya wa kusukulu kaya wa ku laibulale monga Harare City Library.
- Foni yotha kujambula mawu.
- Munthu mmodzi wokumvetserani, kaya achemwali, kaya mnzanu wa m'kalasi.
- Mphindi 15 patsiku kwa masiku 7.

## Gawo 1: Yambani ndi Chichewa chanu

Musathamangire ku mtanthauziramawu. Tsegulani kope, ndipo kumanzere kwa tsamba lembani mawu awa motsetsereka: kufuula, kukuwa, kuitana, kukalipira, kuzazira, kulalata, kubangula, kulira. Pambali pa liwu lililonse lembani amene amachita zimenezo ndi chifukwa chake. Mayi woona wakuba akudumpha mpanda amakuwa. Mkango umabangula. Woledzera wobwera usiku amalalata msewu wonse. Amalume oima kuseri kwa nyumba amaitana mwana amene ali ku mpopi.

Mukatero muona kuti Chichewa chimasiyanitsa kale mitundu ya phokoso, ndipo khutu lanu limaidziwa. Ntchito yatsala ndi yopeza pamene *bellow* akukhala. Malo ake ali pakati pa kufuula ndi kubangula.

Chenjezo: kukalipira sikufuna phokoso. Agogo amatha kukukalipirani motsitsa mawu, inu mutagwada pambali pawo, mpaka misozi ili lengelenge. M'Harare muno anthu amakonda kunena kuti *she shouted at me* pamene akutanthauza kudzudzulidwa chabe. Pa Chingerezi cha mayeso kudzudzula ndi *scold* kapena *tell off*. Musalembe *bellow* ngati mawu sanakwere.

## Gawo 2: Werengani tanthauzo lonse, osati mzere woyamba wokha

Tsopano tsegulani mtanthauziramawu pa *bellow*. Mupeza zinthu zitatu. Choyamba ndi mneni wonena za munthu wofuula ndi mawu aakulu ndi amphamvu, kawirikawiri chifukwa cha mkwiyo, ululu, kapena kufuna kuti a kutali amve. Chachiwiri ndi mneni wonena za nyama yaikulu, makamaka nkhunzi, ikamalira. Chachitatu ndi dzina, *a bellow*, kutanthauza mfuu yeniyeniyo.

Tsekani bukulo, mulembe tanthauzo m'Chichewa m'mawu anuanu. Kukopera tanthauzo la Chingerezi liwu ndi liwu sikuthandiza, pakuti dzanja limalemba mutu uli kwina.

## Gawo 3: Konzani katchulidwe

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa lilime lathu lili ndi zizolowezi zitatu zomwe zimalimbana ndi liwuli.

Choyamba ndi kakokedwe ka mawu. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye m'liwu la maphatikizo awiri mphamvu imagwera koyambirira. Kwa *bellow* zimenezi zikutikomera, pakuti limatchulidwa BE-lou. Vuto limabwera pa *below*, liwu lotanthauza pansi kapena m'munsi, lomwe limatchulidwa bi-LOU, mphamvu ili kumapeto. Ambiri amatchula onse awiri mofanana, ndipo zomwe pakamwa pasakaniza, cholembera chimasakanizanso. Mangirirani liwu lililonse kwa mnzake amene mumamudziwa kale: *bellow* amayenda ndi *yellow* ndi *fellow*, pamene *below* amayenda ndi *hello*. Nenani *yellow, bellow* kasanu mukuwomba m'manja pa phatikizo loyamba, kenako *hello, below* kasanu mukuwomba pa lachiwiri.

Chachiwiri ndi l ndi r. Kalembedwe ka Chichewa kamaika r pambuyo pa e ndi i, monga mu kulera, kulira ndi mbiri. Mu *bellow*, l wabwera pambuyo pa e penipeni, ndiye lilime limathamangira kunena kuti “bero”. Amene anakula Chishona chili m'kamwa zimawavuta kawiri, chifukwa Chishona chimakonda r. Womvera amangomva ngati *barrow* kapena *borrow*. Mankhwala ake ndi awa: kanikizani nsonga ya lilime pa nkhama kuseri kwa mano akumwamba ndipo muisiye pomwepo kanthawi, isamenye n'kuthawa. Yambani ndi mawu a Chichewa amene l wake samakuvutani, n'kusunthira pang'onopang'ono: bala, bala, bela, belou.

Chachitatu ndi mathero. *Ow* wa mu *bellow* amamveka ngati wa mu *go* ndi *no*, osati wa mu *cow* ndi *now*.

Dzijambuleni pa foni mukunena kuti *The man below began to bellow*. Mvetserani, yerekezani ndi batani la mu mtanthauziramawu, mujambulenso. Kenako tchulani liwu limodzi mwa awiriwo mosatsata ndondomeko kakhumi, mnzanu azilemba zomwe wamva. Akalondola 9 mwa 10, pitirirani ku gawo lotsatira.

## Gawo 4: Lembani maonekedwe ake anayi

Mneniyu savuta kusintha: *bellow, bellows, bellowed, bellowing*. Ma l amakhala awiri nthawi zonse, w amakhala mmodzi.

Chenjezo: *bellowed* ali ndi maphatikizo awiri okha, kumapeto kumangomveka d. Musanene “belowedi”. Chimodzimodzi *yelled*, *screamed* ndi *roared*, onsewa ndi phatikizo limodzi. *Shouted* yekha pagululi ndiye amawonjezera phatikizo, chifukwa *shout* amathera ndi t.

## Gawo 5: Phunzirani timawu tomwe timamuperekeza

M'Chichewa timanena kuti “anandifuulira” ndipo zonse zatha m'liwu limodzi: wofuula, wofuuliridwa, ndi kumene mfuu ikupita. Chingerezi chilibe ka -ir- kameneka. Ntchito yake imagwiridwa ndi aperekezi, timawu tating'ono monga *at, with, for*. Nchifukwa chake Mchewa amalemba *He bellowed me*, zomwe n'zolakwika. Koperani mitundu iyi m'kope, ndipo pansi pa uliwonse musiye mizere iwiri ya chiganizo chanu.

Mneni payekha, wopanda chomutsata: *The bull bellowed all night.*

Kufuulira munthu, ndi *at*: *The foreman bellowed at the driver.* Uwu ndiye mtundu womwe mudzaugwiritse ntchito kwambiri, ndipo umanyamula mkwiyo.

Kufuula mawu kapena malamulo. Pano palibe mperekezi, chifukwa chotsatira si munthu koma zomwe zikutuluka m'kamwa: *The sergeant bellowed orders.* Mukawonjezera *out* zimamveka kuti mawuwo akutuluka ndi mphamvu zonse, ndipo zimakhala bwino pa nyimbo: *The old men bellowed out the chorus.*

Kulamula munthu kuti achite kanthu, *at* kenako *to*: *He bellowed at us to get off the road.*

Chifukwa cha mfuu, ndi *with* kapena *in*: *bellowed with laughter, bellowed with rage, bellowed in pain*. Onani kuti *bellow* si wa mkwiyo wokha. Bambo wa thupi lalikulu akaseka chikhakhali mpaka nyumba yonse kumva, ameneyo *bellowed with laughter*.

Kufuula pofuna chinthu, ndi *for*: *The chairman bellowed for silence.*

Kumene mfuu ikudutsa: *bellowed across the yard, bellowed down the phone*.

Monga dzina: *He let out a bellow of rage.*

Pomwepa phunziraninso kusiyana kwa *at* ndi *to* pa mneni *shout*, chifukwa kumagwetsa ambiri. *She shouted at me* ndiye kuti anandizazira. *She shouted to me* ndiye kuti anali patali ndipo anakweza mawu kuti ndimve, popanda mkangano uliwonse. Kalembo kamodzi kapena kawiri kangathe kusandutsa amayi anu oitana mwachikondi kukhala munthu waukali.

## Gawo 6: Musiyanitseni ndi abale ake

Musanasankhe mneni, dzifunseni mafunso atatu. Kodi mawuwo ndi aakulu ngati a besi ya m'kwaya, kapena ndi aang'ono, akuthwa, olasa m'khutu? Kodi munthuyo wakwiya, wachita mantha, wakondwa, kapena akungoitana? Kodi ndi munthu mmodzi kapena khamu?

*Shout* ndiye mkulu wa banja lonse. Pa munthu amakwana paliponse ndipo sanena kanthu za mtundu wa mawu. Mukakayika, lembani ameneyu, simudzalakwa.

*Yell* ali pafupi kwambiri ndi *shout*, koma ndi wa m'macheza, ndipo amabwera ndi mkwiyo kapena chisangalalo. Mwana, mayi, mnyamata, onse angathe.

*Scream* ndi kukuwa: mawu akuthwa, a mantha kapena ululu, nthawi zambiri opanda liwu lomveka. Uyu ndiye wotsutsana ndi *bellow* pa kakulidwe ka mawu. *Shriek* ndi wakuthwa kuposa apo, komanso wamfupi, monga wa munthu amene waponda njoka.

*Roar* ndi kubangula. Ndi wa mkango, wa injini, ndi wa khamu. Iyeyu ndi *bellow* amayandikana chifukwa onse ndi a mawu aakulu, ndipo pa munthu mmodzi wokwiya onse awiri amatheka. Koma bwalo lonse la mpira likadzuka chigoli chitalowa, lembani *the crowd roared*. *Bellow* musungireni munthu mmodzi amene mawu ake akuposa a anzake.

*Bawl* ndi kulira mokweza kwa khanda, ngakhale amanenanso za kufuula mwamwano. *Wail* ndi kulira kokoka, kwa pamaliro. *Bark* ndi kupereka malamulo afupiafupi, odukaduka, monga kuuwa kwa galu. *Holler* mumamumva m'mafilimu a ku America. Ndi wa m'macheza ndipo pa mayeso ndi bwino kumusiya. *Call out* ndi kuitana chabe, kopanda ukali.

Mayi angathe *bellow*? Angathe ndithu, ngati ali ndi mawu aakulu, monga amayi ena a pamsika omwe akaitana kasitomala mzere wonse umatembenuka. Chomwe chimalamula ndi mawu, osati kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

## Gawo 7: Pitani mukamvetsere

Harare ndi mzinda waphokoso, ndipo pa ntchito iyi phokosolo ndi mphunzitsi waulere. Mukamadikira kombi (minibasi) pa Copacabana, pa Market Square, pa renki ya Simon Muzenda Street yomwe ambiri amaitchulabe Fourth Street, kapena pa Mbare Musika, tcherani khutu kwa mphindi 10 ndipo mupeze anthu asanu okweza mawu. Aliyense mumupatse mneni wake mumtima.

Mahwindi, anyamata oitanira aja, ambiri ali ndi mawu osasa ndi othamanga: “Mabvuku, Tafara! Mabvuku, Tafara!” Amenewo ndi *shout* kapena *yell*. Koma pa renki iliyonse pamakhala bambo mmodzi wa khosi lalikulu, mitsempha ili tolotolo, yemwe akatsegula pakamwa kuuza dalaivala kuti asunthe galimoto, mawu ake amadutsa pamwamba pa mahutala onse ndipo mumawamva mpaka m'chifuwa mwanu. Ameneyo ndiye *bellow*. Mukamuona kamodzi, liwuli simudzaliiwalanso.

Ku bwalo la mpira la Rufaro tsiku lomwe timu ya Dynamos ikusewera mupeza onse pamalo amodzi. Kochi pamzere akulamula oteteza kumbuyo kuti akwere, *bellowing instructions*. Ochemerera onse pamodzi, *roaring*. Mtsikana wogwira kumutu penate itaphonyedwa, *screaming*.

Chenjezo: foni ikhale m'thumba. Pa renki si pojambulira anthu osawapempha, ndiponso akuba sasowa. Sungani m'mutu, mukalembe kunyumba tsiku lomwelo zisanazilale.

## Gawo 8: Lembani ziganizo 10, kenako ndime imodzi

Ziganizo zisanu zikhale za anthu munawamva aja, zisanu zitsate mitundu ya mu gawo 5. Mukamaliza tengani cholembera chofiira, muzunguze mperekezi aliyense ndi kuwerenga ma l mu *bellow* aliyense.

Kenako lembani ndime yaifupi yokhala ndi aneni atatu osiyana, monga iyi:

*“Two more! Two more!” the tout yelled. A woman screamed as the kombi lurched forward with the door still open. “Stop that vehicle!” bellowed a big man in overalls, and the whole rank turned to look.*

Onani zizindikiro. Mfuuliro uli mkati mwa mitengero, osati kunja. *Bellowed* wayamba ndi lembo laling'ono ngakhale watsata mfuuliro, chifukwa chiganizo sichinathe. Mneni angathe kutsogola ngati wofuulayo watchulidwa ndi dzina, monga *bellowed a big man*, koma ndi *he* kapena *she* mneni amabwera pambuyo: *he bellowed*.

Onaninso kuti *bellow* wabwera kamodzi, pamene nkhani yafika pachimake, ndipo pali chotsatira chake: renki yonse yatembenuka. Mu chimangirizo chimodzi, kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Mukamuika m'ndime iliyonse mphamvu yake imatha, ndipo wochonga amaona kuti mwangoloweza liwu latsopano.

## Gawo 9: Bwerezani

Tsekani kope. Pa tsiku la 3, la 7, ndi pakatha masabata awiri, lembani ziganizo zitatu zatsopano osayang'ana, ndipo mutchule *bellow* ndi *below* kwa mnzanu uja.

## Zolakwa zomwe zimabwerabwera

Kulemba *bellow* potanthauza m'munsi. Ichi chimapezeka kwambiri m'makalata a kuntchito ndi pa WhatsApp: *see the list bellow*. Foni kapena kompyuta siikudzudzulani, chifukwa mawu onse awiri alipo m'Chingerezi. Wa m'munsi ali ndi l mmodzi, wofuula ali ndi awiri.

Kusokoneza ndi *billow*. Utsi wa moto wa pamsika ukamakwera m'mwamba mokhuthala, Chingerezi chimati *smoke billowed*. Liwuli limayenda ndi *pillow*. Utsi ulibe mawu, ndiye *smoke bellowed* n'kulakwa.

Kudabwa ndi *bellows* wa osula. *He bellows* ndi mneni. Koma *bellows* monga dzina, kapena *a pair of bellows*, ndi mvukuto, chida chopemerera moto. Mukakumana nalo m'ndime ya mayeso yonena za osula zitsulo, musaganize kuti wina akufuula.

Kuwonjezera *loudly*. M'Chichewa “anafuula mokweza” zimamveka bwino. M'Chingerezi *bellowed loudly* si kuphwanya lamulo, koma kukwezako kuli kale m'kati mwa mneni, ndiye mwataya liwu pachabe. Ngati mukufuna kuwonjezera kanthu, onjezerani chifukwa kapena malo: *with rage, across the field*.

Kumasulira “kulira” konse ndi liwu limodzi. Kwathu ng'ombe imalira, tambala amalira, mbuzi imalira, foni imalira. Chingerezi chimagawa: *the cock crows, the goat bleats, the donkey brays, the phone rings*. Ngakhale ng'ombe yomwe, ikamalira mwachizolowezi madzulo ndi *moo* kapena *low*. *Bellow* ndi wa nkhunzi yolusa, kapena ng'ombe yomva ululu kapena yofuna mwana wake.

Kupatsa khanda kapena munthu wamantha mawu a nkhunzi. *The baby bellowed* amalemba okhawo ofuna kuseketsa. Mwana wanjala ndi *cried* kapena *bawled*, wothawa galu ndi *screamed*.

Kumugwiritsa ntchito m'kalata ya ofesi kapena ponena za akuluakulu. Apa cholakwa si cha galamala, ndi cha ulemu. *Bellow* amanyamula chithunzi cha nkhunzi, ndipo wowerenga amachiona. Mukalemba m'kalata yodandaula kuti *the supervisor bellowed at me*, abwana owerenga amaona kuti mwayamba kale kunyoza, ndipo dandaulo lanu limapepuka ngakhale lili loona. Lembani *raised his voice at me* kapena *shouted at me*, mutchule tsiku, nthawi ndi amene analipo. Lipoti la kwa ahedi pa gawo la chimangirizo chotsogoleredwa nalonso likufuna mawu ofatsa omwewa. M'nthano yopeka mungathe kulemba *my father bellowed* ngati mukufunadi kuti wowerenga aone bambo waukali wodzaza khomo lonse. Ngati abambo anangoitana kuchokera pakhonde kuti mubweretse madzi osamba m'manja, lembani *my father called out to me*.